Kamawu kochepa komwe kangamanitse mwana satifiketi

Nyengo yothyola fodya ku Kasungu aliyense amakhala paliwiro. Koma kuti mwana wasukulu afotokoze liwirolo m'Chingerezi, pamagona nkhani. MTOLANKHANI WATHU akulongosola.

Mukafika m'midzi ya kwa Wimbe, kwa Chulu, kwa Santhe kapena kwa Kaomba m'boma la Kasungu mwezi wa Febuluwale, simungapeze munthu akucheza pakhonde m'mawa. Fodya akayamba kupsa sadikira mwini munda. Masamba am'munsi akangochita chikasu ayenera kuthyoledwa, kusokedwa ndi kupachikidwa m'chigafa msangamsanga, apo ayi thukuta la chaka chonse lithera m'mizere.

Tsono tengani mwana wa Fomu 4 wochokera pakhomo lotere. Muuzeni alembe m'Chingerezi chiganizo chakuti "bambo anga akupikisana ndi nthawi". Ayamba bwinobwino, "My father is racing...", kenaka cholembera chiima m'malere. Kodi apa pabwere 'with', 'against', 'for' kapena 'to'?

Poti m'mutu mwake mukulira 'ndi' wa Chichewa, dzanja lithamangira kulemba 'with'. Koma wochonga mayeso akuyembekezera "racing against time". Cholembera chofiira chidutsa, malikisi apita.

Ena anganene kuti kamawu kamodzi si koti munthu n'kusowa nako tulo. Koma timawu totere, tomwe paphunziro la Chichewa timatchedwa aperekezi, timapezeka pafupifupi m'chiganizo chilichonse cha Chingerezi. Mwana akaphonya apa, n'kuphonyanso apo, zolakwazo zimaunjikana ngati masamba a fodya mpaka belo litakwana.

Chingerezi ndiye chipata

Malinga ndi malamulo a bungwe loyendetsa mayeso la Maneb, wophunzira sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza chotani Masamu, Bayoloje kapena Ulimi. Zotsatira za phunziro lililonse zimalembedwa ndi nambala kuyambira 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pomwe 9 ndi kulephera.

Sukulu zaukachenjede zaboma zimafuna makirediti 6, kuphatikizapo ya Chingerezi. Choncho malikisi ochepa omwe amasiyanitsa 6 ndi 7 ndi omwewo omwe angasiyanitse mwana wopita ku Luanar kapena ku Mzuni ndi mnzake wobwerera kukagwira khasu m'munda wa bambo ake.

Ulemu womwe Chingerezi chimalandira sudayambe lero. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP udagwirizana kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, koma Chingerezi chidakhalabe chiyankhulo cha m'maofesi, m'makhoti ndi m'Nyumba ya Malamulo. Mu 2013 lamulo latsopano la maphunziro lidatsindika kuti Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu.

Pamayeso a Fomu 4, aperekezi amamudikira mwana pawiri. Amabwera m'mafunso osankha yankho, pomwe wophunzira amauzidwa kudzaza mpata m'chiganizo, komanso amabisala m'chimangirizo, pomwe mwanayo amayenera kuwatulutsa yekha m'mutu mwake.

Vuto lagona pa 'ndi'

M'Chichewa kamawu koti 'ndi' kamasenza katundu wambiri. Timati "ndapita ndi mlongo wanga", "walumidwa ndi galu", "nsima ndi ndiwo" komanso "Bullets isewera ndi Wanderers". Mzungu pofuna kunena zinthu zinayi zomwezi amatulutsa mawu anayi osiyana: 'with' pa mlongo, 'by' pa galu, 'and' pa nsima ndi 'against' pa mpira.

Ana a kumpoto kwa bomali, monga kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba komwe ambiri amayankhula Chitumbuka, sapulumuka msampha womwewu. Kwa iwo kamawu koti 'na' ndiko kamagwira ntchito zonse za 'ndi'.

Chachiwiri n'chakuti Chichewa chimasintha mneni weniweniyo pofuna kusintha tanthauzo. Kuchokera ku 'thamanga' timapeza 'thamangira' ndi 'thamangitsa'. Timati mayi akuthamangira kuchipatala, wamasewera akuthamangira mendulo, anyamata akuthamangitsa wakuba.

Chingerezi sichitero. Mneni 'race' amakhala momwe alili, chomwe chimasintha ndi kamawu komutsatira: "race to the hospital", "race for a medal", "race after a thief". Ntchito yomwe Chichewa chimagwira kumchira kwa mneni, Chingerezi chimaipereka kwa mperekezi.

Apa n'zoonekeratu kuti mwana yemwe walemba "racing with time" si mbuli. Waganiza molondola m'chiyankhulo chake, koma wawolokera tsidya lina pogwiritsa ntchito mlatho wolakwika.

Phunziro la Kipchoge

Njira yachidule yosiyanitsira 'with' ndi 'against' idaonekera poyera pa 12 Okutobala 2019 mumzinda wa Vienna m'dziko la Austria. Patsikuli katswiri wothamanga wa ku Kenya, Eliud Kipchoge, adathamanga mtunda wa makilomita 42.195 kwa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Adakhala munthu woyamba kumaliza mtundawu maola awiri asanakwane.

Kipchoge sadali yekha mumsewu. Akatswiri anzake 41 ankasinthanasinthana kuthamanga momuzungulira pofuna kumutchingira mphepo ndi kumusungira liwiro. Anthu amenewa sankalimbana naye, ankamuthandiza. Mdani wake adali wotchi yomwe idali pagalimoto yoyenda patsogolo pawo.

M'Chingerezi nkhani yonseyi imakwana m'chiganizo chimodzi: "He ran with his pacemakers, but he raced against the clock." Woyenda naye limodzi amatenga 'with'. Yemwe ukufuna kumugonjetsa amatenga 'against'.

Kunena zoona, eni chiyankhulochi nthawi zina amanena "race with" potanthauza kupikisana ndi munthu, ndipo sikulakwa. Vuto n'lakuti womva sadziwa ngati awiriwo ali mbali imodzi kapena akulimbana. Wofuna kumveka kamodzi n'kamodzi amasankha 'against'. Koma ikakhala nthawi kapena wotchi, mawu adakhazikika kale ngati mwambi: "race against time", "race against the clock". Mwambi suusintha mawu.

Palinso njira yachitatu yomwe ana ambiri amaiopa poganiza kuti chiganizocho n'choperewera. Mneniyu amatha kuima popanda mperekezi aliyense. Mnyamata wofuna kuyesana liwiro ndi mnzake mpaka pamjigo amangoti "I will race you to the borehole". Pakati pa 'race' ndi 'you' sipafunika kanthu.

Chikwakwa ndi aperekezi anayi

Sitifunika kupita kutali kuti tipeze chitsanzo china. Catherine Chikwakwa, mtsikana yemwe adaimirira dziko lino pamasewera a Olympics ku Sydney mu 2000 ndi ku Athens mu 2004, adabweretsa mendulo yasiliva kuchokera kumpikisano wa achinyamata wa dziko lonse womwe udachitikira ku Grosseto m'dziko la Italy mu 2004. Adathamanga mamita 5,000 ndipo yemwe adamupitirira adali Meselech Melkamu wa ku Ethiopia.

Mbiri imodzi yomweyi imafuna aperekezi anayi. Potchula dziko lomwe ankaliimirira timati "she raced for Malawi". Potchula mtundu wa mpikisano timati "she raced in the 5,000 metres". Potchula masewera omwe adapitako timati "she raced at the Olympic Games". Potchula yemwe ankalimbana naye timati "she raced against Melkamu".

Onani kuti 'for' ali ndi nkhope ziwiri. Amaloza yemwe ukumugwirira ntchito, monga dziko, sukulu kapena timu, komanso amaloza chomwe ukulimbirana, monga mendulo, chikho kapena mpando. N'chifukwa chake nyengo ya chisankho nyuzipepala za Chingerezi zimadzaza ndi mitu yonena za "the race for the presidency". Opikisanawo akakhala awiri, mumva "a race between" wakuti ndi wakuti.

Kuchokera kumunda mpaka ku Chinkhoma

Mwana wa ku Kasungu sasowa poyesera mawu amenewa chifukwa chaka chonse cha mlimi wa fodya ndi liwiro lokhalokha. Nazale imafesedwa dzuwa likuswa mtengo, mbande zimawokeredwa ndi mvula yoyamba, kenaka kuthyola, kusoka, kuumitsa, kusankha ndi kudinda mabelo pajeke. Msika wa fodya nthawi zambiri umatsegulidwa mwezi wa Epulo, ndipo alimi a m'bomali ali ndi msika wawo wa Chinkhoma kuwonjezera pa wa Kanengo ku Lilongwe.

Lole yonyamula mabelo ikamathamangira kumsikako, Chingerezi chake ndi "the lorry raced to Chinkhoma". Apa 'race' satanthauzanso mpikisano, akungotanthauza kuyenda mwachangu, ndipo 'to' akuloza komwe ikupita.

Mlimi akamalimbana ndi ntchito kuti aimalize msika usanatsegulidwe, timati "he is racing to finish grading". Uyu ndi 'to' wina, yemwe amatsatiridwa ndi mneni osati malo. Apa mpomwe ena amapunthwa n'kulemba "racing for finish" kapena "racing to finishing". Zonse ziwiri n'zolakwika.

Wakabaza akadutsa ngolo ya ng'ombe ngati mphepo pamsewu wa M1, timati "he raced past the ox-cart". Ana akadutsa dambo mothamanga pothawa mvula, timati "they raced across the dambo". Wophunzira yemwe walemba mayeso mwaphuma osawerenga bwino mafunso, aphunzitsi ake amati "he raced through the paper", ndipo kumeneko si kuyamikira ayi.

Msampha waukulu uli pa mawu oti 'home'. Poti m'Chichewa timati 'kunyumba' kapena 'kumudzi', mwana amaona kuti 'ku' ameneyu ayenera kukhala ndi mnzake m'Chingerezi, choncho amalemba "I raced to home". Koma 'home' amayenda yekha: "I raced home". Chodabwitsa n'chakuti 'school', 'market' ndi 'church' onse amafuna 'to'. Palibe lamulo lomwe mwana angalipeze poganiza, n'zofunika kungozimva kambirimbiri mpaka khutu litazolowera.

Ndipo nthawi zina ngakhale chiganizo cholondola chimatha kusokoneza. Tengani ichi: "He raced his brother to the hospital." Chingatanthauze kuti adathamangira ndi mchimwene wake wodwala kuchipatala, kapena kuti awiriwo ankayesana liwiro kuti aone woyamba kufika pachipatalapo. Ziganizo zoyandikana nacho ndizo zimamasula. Wolemba chimangirizo wochenjera amawonjezera mawu amodzi, monga 'sick', kuti wowerenga asasochere.

Poyankhula pamabweranso mavuto ena. M'Chichewa 'l' ndi 'r' sasintha tanthauzo la mawu, koma m'Chingerezi 'race' ndi liwiro pomwe 'lace' ndi chingwe cha nsapato. Lilime likazolowera kusakaniza, dzanja nalo limasakaniza polemba.

Ngakhale atolankhani, omwe mawu ndiye khasu lathu, msamphawu umatikola. Mlembi wa nkhani ino, ali ndi dipuloma yake m'thumba, adabwezeredwapo nkhani ndi mkonzi chifukwa cholemba kuti alimi ali pa "race with the rains". Manyazi a tsiku limenelo ndiwo adamuphunzitsa 'against' kuposa zaka zinayi zakusekondale.

Liwiro losayambira pamodzi

Aperekezi saphunzirika poloweza mndandanda usiku woti mawa ndi mayeso. Amalowa m'mutu pang'onopang'ono kudzera m'kumva ndi kuwerenga. Apa mpomwe pali kusiyana kwakukulu pakati pa ana a m'boma limodzi lomweli.

Ku Mtunthama kuli sukulu ya Kamuzu Academy, yomwe mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, adaitsegula mu 1981. Mwana wa pasukuluyi amamva Chingerezi m'kalasi, kodyera, kubwalo lamasewera ndi m'nyumba yowerengera mabuku. Mawu ngati "race against time" amawatola osadziwa n'komwe kuti akuphunzira.

Makilomita ochepa kuchokera pamenepo, mwana wa pasukulu yoyendera ya CDSS amamva Chingerezi mphunzitsi akaima kutsogolo basi. Belu lowerukira likalira, Chingerezi chimatsala pabolodi. Kunyumba, kumsika ndi kutchalitchi n'Chichewa chokhachokha, ndipo buku limodzi limatha kuzungulira ana angapo.

Chowonjezera pamenepo ndi kalendala. Teremu yachiwiri, yomwe imayamba mu Januwale, imagundana ndi nyengo yothyola ndi kusoka fodya, pomwe dzanja lililonse pakhomo limafunika. Mu 2009 bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo Kasungu lidali limodzi mwa maboma omwe kafukufukuyo adachitikira. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Koma lamulo siliwerenga masiku omwe mwana wajomba pothandiza m'munda wa makolo ake enieni.

Mwana yemwe wajomba sabata ziwiri mu Febuluwale sadziwa chomwe chamudutsa. Amadzachizindikira pakati pa chaka, atakhala pampando wamayeso, mpata uli m'chiganizo ukumuyang'ana.

Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ana awiriwa sayambira limodzi, koma akadzafuna malo kusukulu yaukachenjede kapena ntchito, onse adzafunsidwa Chingerezi chofanana.

Njira ya Kamkwamba

Komabe boma lomweli lili ndi umboni woti kuyambira m'mbuyo si kutha kwa mpikisano. William Kamkwamba, mwana wa mlimi wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, adasiyira sukulu yasekondale panjira chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. M'malo mongokhala, ankapita kukanyumba kowerengera mabuku pasukulu yapulayimale ya Wimbe.

Kumeneko adapeza mabuku asayansi, kuphatikizapo lina lotchedwa Using Energy. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti panthawiyo Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankayang'ana zithunzi n'kumaphunzira mawu omwe adalembedwa mozungulira zithunzizo. Ndi njira imeneyi adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo mu 2002, ali ndi zaka 14.

Mu 2007 adaitanidwa kumsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, komwe adayankhula Chingerezi chopunthwapunthwa pamaso pa anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana. Mu 2009 buku la mbiri yake, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe adalemba ndi Bryan Mealer, lidatuluka, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College m'dziko la America.

Njira ya Kamkwamba, yomangirira mawu ku chithunzi, ndi yomwe aperekezi amafuna. Mperekezi aliyense ali ndi chithunzi chake. 'To' ndi muvi woloza komwe ukupita. 'Past' ndi njinga yodutsa ngolo. 'Across' ndi kuwoloka dambo. 'After' ndi galu ali pambuyo pa kalulu. 'With' ndi ng'ombe ziwiri pagoli limodzi, pomwe 'against' ndi nkhunzi ziwiri zitalozetsana nyanga.

Mphunzitsi wopanda mabuku okwanira atha kutulutsa ana panja kwa mphindi 20. Awiri athamange mogwirana manja, ena awiri apikisane, wina athamangire pamtengo wa mango, wina amuthamangitse mnzake, ndipo otsalawo anene m'Chingerezi zomwe akuona. Chomwe mwana wachiona ndi maso komanso kuchiseka sachiiwala msanga.

Zomwe wophunzira angachite

Choyamba, asaloweze mneni payekha. Kulemba m'kope kuti 'race' ndi kuthamanga n'kugula ngolo yopanda mateyala. Alembe chiganizo chathunthu chonena za moyo wake, monga cha bambo ake ndi fodya, cha mlongo wake ndi mjigo, cha timu ya sukulu yake.

Chachiwiri, asanasankhe mperekezi adzifunse mafunso atatu. Kodi ndikulimbana ndi yani? Yankho litenga 'against'. Kodi ndikupita kuti? Yankho litenga 'to'. Kodi ndikulimbirana chiyani, kapena ndikuimirira yani? Yankho litenga 'for'. Mafunso awiri mwa atatuwa amathandizanso pa aneni ena ampikisano monga 'compete', 'fight' ndi 'play': wolimbana naye atenga 'against', cholimbirana chitenga 'for'.

Chachitatu, akatsegula dikishonale asaime pa tanthauzo. Madikishonale olembera ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, amaonetsa aperekezi omwe amayenda ndi mneni aliyense komanso ziganizo zachitsanzo. Chuma chenicheni chagona m'zitsanzomo.

Chachinayi, atchere khutu. Nkhani zamasewera pawailesi ndi masamba akumapeto a nyuzipepala za Chingerezi n'zodzaza ndi 'against', 'for' ndi 'past'. Ngakhale nyuzipepala yakale yomwe yabwera itakulunga usipa ili ndi phunziro kwa mwana yemwe waiwongola n'kuiwerenga asanakolezere moto.

Makolo nawo ali ndi gawo lawo, ngakhale atakhala kuti sadziwa liwu limodzi la Chingerezi. Fodya wa chaka chino akagulitsidwa ndalama zake zimatha, mwina mvula ina isanagwe. Tsiku limodzi lomwe mwana wakhala m'kalasi m'malo mokhala m'chigafa limabala kwa moyo wake wonse.

Tibwerere kwa mwana uja tidamusiya cholembera chili m'malere. Chiganizo chake chimalizidwe motere: "My father is racing against time." Bambo akathana ndi fodya wawo mu Epulo apumako. Koma mwanayo mayeso akhala atatsala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo wotchi yomwe bambo ake ankalimbana nayo ikhala itatembenukira kwa iye.